Gologolo ndi Mtambo wa Muimba

Kalekale, mitambo ikadali yolimba moti mbalame zinkayendapo ngati pabwalo, panali Gologolo, mayi wamasiye wa ana ambiri. Ankakazinga mbuliwuli n'kumagulitsa pamphambano. Senderani kuno ana inu, nanunso akuluakulu musawodzere.

Chaka china nkhokwe zapansi zinavuta. Chiswe chinadya, mbewa zinaboola, madzi osefukira anakokolola zotsala. Pamenepo mbalame zinayamba malonda atsopano, kusungira anzawo katundu m'mitambo, kumene chiswe sichifika.

Gologolo atakolola anayenda kukafunsa. Dokowe anati, "Mtambo wanga ndi wouma bwino, koma mphepo ikatembenuka ndimapita nawo kutali, kubwerako ndi chaka chamawa."

Namzeze anati, "Wanga ndi kamtambo chabe, mayi. Koma mukandiitana ndimafika pompopompo."

Muimba, amene anali mumlambe, anaseka khekhekhe. "Kamtambo! Mayi, takwezani maso. Kuchokera phiri ili mpaka phiri ilo, wonsewo ndi wanga. A Njovu eni chigayo amasunga kwa ine. Ndipo kukweza n'kwaulere. Kwaulere!"

Gologolo anati mumtima, posunga a Njovu ine ndikayike chiyani? Anapereka matumba onse, ngakhale la mbewu. Muimba ananyamula, phaphapha, ulendo kumwamba.

Dzuwa linawamba, masamba anayoyoka, kenaka mabingu anayamba kugunda. Chimanga cha m'nyumba chinatha. Gologolo anapita kumlambe.

"A Muimba, nditsitsireni katundu wanga. Ndikufuna kubzala."

Muimba anayasamula. "Kutsitsa ndi nkhani ina, mayi. Thumba lina lanu, lina langa."

"Koma zimenezo simunanene!"

"Munafunsa?"

"Chabwino, nditume Namzeze akatenge."

"Pamtambo wanga sipaponda mlendo."

Gologolo anabwerera. M'mawa mwake anapitanso, Muimba anakana. Mkuja anapitanso, Muimba anati tsopano ndi la mbewu lomwe likhale lake. Mvula inagwa. Chimanga cha ena chinamera, munda wa Gologolo uli mbee. Pamphambano mphika unazizira, ana akungomuyang'ana m'maso.

Gologolo anamenya mchira pansi, phwa! "Mchira uwu uthothoke, koma mbalame ija sidya njere yanga ngakhale imodzi."

Anapita kudzala, nafukulafukula mpaka anapeza Nankafumbwe, kachilombo koboola chimanga kaja, atagona m'chitsononkho chakale, wowonda ngati udzu.

"Achimwene, mungakonde chikho chodzaza chimanga?"

Nankafumbwe anadzuka dzambatu. "Ndiphe ndani?"

"Simupha munthu. Mungolira basi. Kulira mumatha?"

"Ndi njala imeneyi? Ndiyambe pano?"

Gologolo anamunong'oneza zoti akanene, namukweza pakhutu, ulendo kumlambe. Anafika akumwetulira, mano onse pamtunda.

"A Muimba, lero sindinabwerere katundu. Msungeni ndithu, ngakhale zaka. Ndangoperekeza mlendo uyu. Akuti mumukwezeko, poti kukweza n'kwaulere."

Nankafumbwe anasuzumira, nayamba: "Mayo ine! Mkazi wanga! Ana anga! Apongozi anga!"

Muimba anatong'ola maso. "Ameneyu si Nankafumbwe? Akalowe mumtambo mwanga? Akufuna chiyani?"

"Akufuna banja lake," anatero Gologolo. "Tsiku lija munanyamula matumba anga, iyeyu anali atapita kumaliro. Mtundu wake wonse unali m'matumbamo."

"Mtundu wonse?"

"Ndife obereka, bwana," analira Nankafumbwe. "Pofika lero ndili ndi zidzukulu zosawerengeka. Chimanga cha mayiwa chikawachepera, sadzavutika. Ndamva kuti pafupi pomwepo pali matumba akuluakulu."

Muimba anayang'ana kumtambo wake. Matumba akuluakuluwo anali a Njovu. Ndipo Njovu, ana inu, sankadziwa mawu oti pepani. Ankadziwa kuzula mitengo.

"Chotsani katundu wanu!" anakuwa Muimba. "Lero lomwe!"

Gologolo anapukusa mutu. "Ndilibe cholipira, bambo. Thumba lina langa, lina lanu, mwaiwala? Tengani lanulo likhale komweko."

"Sindikufuna! Ngakhale njere!"

"Ayi, pangano ndi pangano. Kapena tikafunse a Njovu atiweruze? Chigayo chawo si apa pomwepa?"

"Mayi, mayi, mayi! A Njovu alowapo bwanji? Ndikuponyerani pansi pompano."

"Mukaponya aphulika. Anthu adzafunsa chathamangitsa matumba kumwamba n'chiyani, ndipo ine bodza sindilitha."

Muimba anauluka. Anatsika ndi thumba, naliika pakhomo pa Gologolo mwaulemu ngati dzira. Anakweranso, anatsikanso, wefuwefu, thukuta kamukamu. Gologolo ali pamthunzi, akungoloza: "Ilo muike pakhonde. La mbewu mulowetse m'nyumba. Pang'onopang'ono, bambo, mungadzutse ana a eni ake."

Litafika lomaliza, Muimba ananong'ona, "Nkhaniyi ithere pompano."

"Pakamwa panga ndatseka," anatero Gologolo.

Tsiku lomwelo anabzala, ana ake akukwirira m'mbuyo. Madzulo mphika unalira thu! thu! thu! pamphambano, ndipo Nankafumbwe analandira chikho chake, nakadyera kutali ndi nkhokwe.

Nanga Muimba? Anabwerera kumtambo kukasaka adani. Analowetsa mutu m'thumba la Njovu, sanapeze kanthu. Analowetsa m'lina, sanapeze kanthu. Mtima sunakhazikike. Analowetsa, natulutsa, analowetsa, natulutsa, mpaka nthenga za m'mutu ndi m'khosi zinatha psiti. Mukadzamuona lero ndi dazi lake, musamufunse.

Pokolola chaka chimenecho Gologolo anayendanso kwa eni mitambo, koma ulendo uno funso lake loyamba linali lakuti, "Kutsitsa mumatani?" Chogulitsa tsiku ndi tsiku anasungitsa kwa Namzeze. Chodikira chaka cha njala anapatsa Dokowe. Mbewu anaimangirira kudenga kwake, pamwamba pa utsi.

Nthano yanga yatsikira pamenepa. Kaphuleni chinangwa chisapserere. Koma wina akadzakuuzani kuti kukwera n'kwaulere, ana inu, muyambe mwamufunsa za makwerero otsikira.