Mkamwini ndi mtsuko wa uchi

Ophunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta atasokonezeka ndi phunziro la tsikulo, aphunzitsi awo, Mayi Nachisale, anawasimbira nthano iyi. Mulungu awadalitse, sanaikometsere.

Kalekale, Lufeyo anakwatira kubanja la alimi a njuchi, nakhala chikamwini. M'nyumba ya apongozi ake aakazi munali mtsuko waukulu umene onse ankautcha mtsuko wa uchi, koma palibe ankauvundukula. Wofuna uchi ankapempha, apongoziwo n'kulowa, n'kukhalitsako pang'ono, n'kutuluka ndi uchi woyera m'chipanda. Wobwera ndi zisa kuchokera kuming'oma ankawapatsiranso iwo. Zina ankalandira, zina ankabweza.

Lufeyo sankamvetsa.

"Kodi mtsuko uja uli ndi njoka?" anafunsa mkazi wake, Nangozo.

"Mulibe njoka, bambo. Mumangopempha."

"Ndipemphe bwanji poti ine ndi amayi sitiyang'anana? Ndikawaona panjira ndimalowa m'tchire."

"Ndiye muzituma ine. Kapena pakamwa pakulemeraninso?"

Tsiku lina mayi ake a Lufeyo anabwera kudzacheza, akutsokomola kwambiri. Panjira anali atauza aliyense kuti mwana wawo amakhala pauchi. Nangozo anali kudimba, apongozi ali kuseri kwa nyumba akusenda nyemba. Lufeyo anaima pabwalo, mutu utazungulira. Akapemphe uchi wa chifuwacho kwa apongozi? Mwambo ukukana. Adikire? Mayi ake aona ngati mwana wawo alibe mawu pakhomopo.

Anazemba n'kulowa. M'nyumbamo munali kamdima. Anavundukula mtsuko, natapa zapamwamba kudzaza mbale, n'kukawapatsa mayi ake.

Mayi ake anatafuna, natafunabe. Kenaka anamukankhira mbaleyo.

"Talawa wekha, mwanawe. Kapena ndi mano angawa."

Nthawi yomweyo Nangozo anatulukira, khasu lili paphewa. Lufeyo anaponya nthongo yonse m'kamwa kuti asaone. Inakanirira m'mano, osatsekemera, osamezeka.

"Mukudya chiyani, bambo?"

"Uchi," anayankha movutikira.

Nangozo anatula khasu, nakhala pansi ndi kuseka. Apongozi anayankhulira kuseri komweko, osaonetsa nkhope: "Nangozo, uwauze bambowo kuti mumtsukomo simukhala uchi wokonzeka. Pansi pali zisa, ndimafinya munthu akapempha. Zofinyafinya, phula lokhalokha, ndimaika pamwamba. Zisa za ana a njuchi ndimabweza, zingasasitse zonse. Bwera udzatengere alendo uchi."

Mayi ake anamwa uchiwo, koma ulendo wonse wobwerera sanatchulenso za mwana wawo.

Apa m'pamene panachokera mwambi wakuti safunsa anadya phula. Mayi Nachisale anati mupulogalamu namonso zinthu zina zili ndi mlonda pakhomo, ngati apongozi aja. Ukapempha, iye amakukonzera yankho pomwepo. Ukabweretsa chako, amayamba wachiyesa. Wolambalala mlondayo amatapa zimene wapeza, n'kumaganiza kuti ndi zimene dzina likunena.