Bangwe wa Nkhululu ndi Pulogalamu ya Mvuu

Kalekale, koma osati kale kwenikweni, pakuti magetsi anali atafika kale kunkhalango ndipo anali atayamba kale kuzimazima, padali Mvuu. Ana inu, sunthirani kumoto kuno. Akuluakulu musawodzere, ena mwa inu mudziwona m'nkhaniyi.

Mvuu anali ndi sitolo padoko. Tsiku lina anabwera kuchokera kutauni ndi pulogalamu yopangira nyimbo pakompyuta.

"Bwerani muone!" anafuula. "Umu mumalumikizidwa tizidutswa totchedwa mapulagini. Pali pulagini ya ng'oma, ya malipenga, ina yowongola mawu a woimba mokhota. Ndalama sindikufuna. Ingondipatsani zida zanu zachikalezo, zikungodya malo m'nyumba."

Chule anapereka ng'oma yake. Nyani anapereka mangolongondo. Gologolo anapereka maseche. Aliyense analandira pulogalamuyo. Mvuu anatsekera zonse m'sitolo, n'kumazibwereketsa molipiritsa kukakhala ukwati.

Chule atafika kwawo anadina pulagini ya ng'oma. Du, du, du... shwaaa! Kompyuta n'kunena kuti agule kaye kiyi yotsegulira pulaginiyo. Nyani anaika ya malipenga pamodzi ndi ya ng'oma, ziwirizo n'kukangana, kompyuta n'kuuma gwa! Wokadandaula kwa Mvuu ankauzidwa kuti, "Vuto ndi kompyuta yako, mbuli iwe." Ndani afuna kutchedwa mbuli? Onse anasiya kudandaula. Ukafunsa Chule, ankati, "Ikuyenda bwino kwambiri," misozi ili lengelenge.

Kunatsala Nkhululu, kamayi kakang'ono, ndi bangwe wake. Bangwe ameneyo ndiye anali chida chomaliza cholira mwaufulu m'nkhalango monse, ndipo Mvuu tulo sankaliona.

"Iwe Nkhululu, anzako akutukuka, iwe udakakwenya nsambo. Bwera naye bangweyo."

"Ndilawe kaye, a Mvuu."

"Kulawa? Ukuyesa ndi thobwa?"

"Wathobwa yemwe amalawitsa. Tiyatse pompano, tiike mapulagini onse pamodzi, nyimbo iyambe mpaka ithe. Ikatha bwino, bangwe ndi wanu."

"Katundu wanga salawidwa!"

"Ndiye bangwe wanganso sachoka."

Mvuu anayasama, haaa! Mano onse poyera. "Ukudziwa kuti ndikhoza kukuponda osazindikira?"

"Mukhoza ndithu," anatero Nkhululu. "Koma ngakhale mundiponde, sindigula chinthu chimene makutu anga sanamve."

Nkhululu anapita kwa Chule. Anamufunsa, anamufunsa, anamufunsa, mpaka Chule anaulula zonse akulira. Nkhululu anapsa mtima kwambiri. Anakhala pansi, n'kuganiza.

Loweruka lotsatira kunali chinkhoswe cha mwana wamkazi wa Mvuu, amene ankakwatiwa ndi mwana wa Njati. Maso a Mvuu sanali pa mwanayo ayi, anali pa lichero la perekaniperekani. Mukudziwa nonse kuti anthu amafupa nyimbo ikamalira. Ikasiya, manja amabwerera m'thumba.

Tsiku la msika Nkhululu anakwera pachulu.

"Tamverani, tamverani! A Mvuu akuti pachinkhoswe cha mwana wawo sipalira ng'oma yachikale. Palira pulogalamu yawo yokhayokha! Ikalira bwino, bangwe wanga ndiwapatsa pomwepo!"

Nthungululu zinamveka msika wonse. Nyama zonse zinacheukira Mvuu. Akanatani? Kukana kukanakhala kuvomera kuti katundu wake ngwowola. "Ee... ndi momwemo," anatero.

Loweruka linafika. Abale a Njati anabwera mwaunyinji, atatchena, zikwama zili tho. Mvuu anakhala yekha pakompyuta, thukuta lili kamukamu.

Anadina. Du, du, du! Azakhali a mkwati anadzambatuka, ndalama m'manja, chiuno chikuduka. Du, du... shwaaa! Azakhali aja anatsala mwendo m'mwamba. Chimkuzamawu chinalengeza mwaulemu: "Gulani kiyi kuti mupitirize." Azakhali anabweza ndalama m'chikwama, n'kukhala pansi.

Anadinanso. Du, du... shwaaa! "Gulani kiyi kuti mupitirize."

Mvuu anawonjezera pulagini ya malipenga kuti abise manyazi. Kompyuta inauma gwa! Anazimitsa, anayatsa. Anazimitsa, anayatsa. Kenaka anatenga maikolofoni kuti apepese alendo, osadziwa kuti pulagini yowongola mawu ija inali yoyatsa. Chimphona chonsecho, mawu anatuluka a udzudzu: "Nyiii... pepani alendo athu... nyiii."

Ha! Nyama zinagwa nacho chiseko. Nyani anagubuduka pansi. Koma nkhoswe ya Njati sinaseke. Inaima, n'kupalasa pansi ndi chiboda.

"Achimwene, mwatiitanira chinkhoswe kapena mwatiitanira chipongwe?"

Mkwatibwi anayamba kulira. Lichero linali mbee! Mvuu ananyang'ama mpaka pamene panakhala Nkhululu.

"Mayi Nkhululu," ananong'ona, "chonde, tatiimbirani kabangwe."

"Lero ndasanduka mayi? Ndekha sindiimba. Bangwe amafuna ng'oma, amafuna mangolongondo, amafuna maseche."

"Ndikubwerekani ulere lero."

"Kubwereka ayi. Kubweza. Ndipo munene pamaikolofoni, onse amve."

"Ndizimitse kaye pulaginiyi."

"Ayi, isiyeni. Ndi katundu wanu, mumamudziwa ndinu."

Mvuu anayang'ana nyanga za Njati. Anayang'ana lichero. Anatenga maikolofoni. "Nyiii... ndikubweza zida zonse kwa eni ake... nyiii... ndinakupusitsani... nyiii."

Sitolo inatsegulidwa. Chule anakumbatira ng'oma yake ngati mwana wotayika. Nkhululu anakwenya nsambo, n'kunena mokweza: "Tikuimbira mkwatibwi, iye sanalakwe kanthu!"

Gule anakolera, fumbi koboo! Lichero linadzaza mpaka kusefukira. Mvuu anatambasula dzanja kuti alandire, koma azakhali aja analinyamula, n'kumudutsa ngati sakumuona, n'kukaliika pamiyendo pa mkwatibwi.

Mvuu anathamangira kumtsinje, n'kudziponya m'madzi, phava! N'chifukwa chake mpaka lero masana amangotulutsa maso ndi makutu, kumvetsera ngati akumusekabe. Ndipo akumusekabe.

Yanga yafika pamchira, wofuna ina akaifule yekha. Koma tengani aka: wogulitsa akakana kuti uyese katundu, dziwa kuti iye anamuyesa kale.