Ndodo ya a Msosa

Kalekale, koma osati kale la makolo, a Msosa a ku Bembeke anafunsa mwana wawo Mwandida kuti, "Iwe wa masamu, kodi miyendo ya munthu imachita dzimbiri ngati khasu?" Tsikulo anali atavutika kudzuka pampando. Chiliza cha malemu akazi awo, pamwamba pa chitunda, chinali choti chikavundukulidwe anthu akakolola, ndipo iwo analumbira kuti sakapitako pa wilibala.

Mwandida ankagwira ntchito ndi madokotala oyeza minofu ya okalamba, iye n'kumawerengetsera zotsatira. Anayankha mofatsa kuti eya, mpweya womwe umatipatsa moyowu umadyanso minofu pang'onopang'ono, koma pa nkhalamba zambirimbiri zomwe anayerekeza, zoyendayenda n'zomwe zinali zolimbako. Atatero anawerama ndi manyazi. Chimwalirireni mayi awo, ana onse ankathamangira kuwalandira bambowo chilichonse, ngakhale kapu ya madzi, ati ulemu.

Mchimwene wake Lonjezo ndiye analimba mtima. Anasiya kuwalandira katundu, nawabwezera kakhasu kawo. Anthu podutsa ankaona nkhalamba ikupalira mpiru mwana ali chilili, n'kumanong'ona kuti sukulu yaononga mwambo. Mpaka azakhali anasiya kumuyankha moni. Koma Lonjezo sanabwerere m'mbuyo.

Chitsirizira wawo Fatsileni ankayenda ndi bambowo m'mawa uliwonse. Akamva kuti mpweya wawachepera, ankakhala pansi n'kunamizira kuti walasidwa ndi minga, kuti bambo apume popanda kupempha.

Anthu atakolola, a Msosa anakwera chitunda chija ndi miyendo yawo. Pakati panjira Fatsileni, yemwe tsopano anali woyembekezera, anayamba wefuwefu. Bambowo anakhala pamwala, navula nsapato.

"Tadikira, mama," anatero. "Minga yako ija lero yalasa ine."

Mwandida anayang'ana phazilo. Linalibe kanthu.

Potsika, a Msosa anati ndodo yawo ya phingo, yomwe anasiyiridwa ndi bambo awo, sakuifunanso, ndipo aipereka kwa mwana amene anawadzutsa pampando. Ana atatuwo anangoyang'anizana, aliyense n'kumaloza mnzake.

Nanga inu mukuti ndodoyo ipite kwa yani: amene anadziwa chodya miyendo, amene anasenza chitonzo, kapena amene ankalasidwa ndi minga kulibe?