Anazimbiri ndi Denga la Alendi

Kalekale, msewu wa ku boma usanathiridwe phula, m'mudzi mwathu muno munali mayi wina, dzina lake Nazimbiri. Amenewo ndiwo anabereka agogo a amayi anu. Amuna awo anapita ku migodi ya ku Joni, osabwerako. Anangowasiyira ana ang'onoang'ono ndi kamalo kaminga m'mbali mwa msika.

Wina akanangokhala n'kumalira. Anazimbiri ayi. Anaumba njerwa, kuumba, kuumba, mpaka zala kung'aluka, namanga tizipinda mondondozana pansi pa denga limodzi laudzu. Munalowa atelala, a Chikakuda, ndi makina awo osokera. Munalowa mmisiri wa mipando, munalowanso aphunzitsi. Lendi ya tizipinda timeneto ndiyo inali munda wawo, ndiyo inkadyetsa ana.

Koma mlongo wawo, a Kamtedza, amenenso anali mwini mbumba, sankazifuna zimenezi, poti panali wamalonda wina amene ankasirira malowo.

"Achemwali, gulitsani," ankatero. "Alendi si abale anu. Tsiku limene adzasamuke, malowa ndidzagulitsa ndekha, anawa n'kuwagawa kwa abale."

Kuwagawa ana! Mawu amenewo ankawadya mumtima Anazimbiri.

Chaka china moto wolusa unapsereza mapiri onse anthu asanamwete udzu. Anazimbiri anayenda mtunda, kupempha uku, kugula uko, koma mitolo imene anapeza inali yokwana denga limodzi lokha. Pamene madenga owola anali awiri: la nyumba yawo ndi la alendi. Mitambo nayo inali itayamba kale kuda. Inu mukanafolera liti? Musandinamize, ndikukuonani m'maso, mukanafolera lanu!

Iwo anafolera la alendi.

"Mwapenga kodi, achemwali?" anakalipa a Kamtedza.

"Achimwene, ine ndikanyowa ndiuma. Koma nsalu za eni ake zikanyowa kwa atelala, atelala adya chiyani? Nanga iwo akapanda kudya, ine ndidya chiyani?"

Mvula inabwera, ndipo inabweradi. M'nyumba mwa Anazimbiri miphika, mbale, ngakhale mtondo, zonse zinasanduka zotchera madzi. Mphasa zinachita nkhungu, ana anayamba kutsokomola. Musaganize kuti anali ndi mtima wamwala. Ankalira, n'kumadzifunsa ngati sanalakwire ana awo.

Ngati kuti mavuto anali ochepa, wamalonda uja anamaliza zipinda zake tsidya la msewu, zamalata onyezimira waliwali, n'kuyamba kukopa alendi a Anazimbiri mmodzimmodzi. Ndani angakane malata?

Tsiku lina m'mawa Anazimbiri anaona zitseko zonse za alendi zili zokhoma, eni ake akukwera ngolo osatsanzika. Anangoti basi, alendi asamuka. A Kamtedza atamva, anafika msangamsanga, nakhala pakhonde, n'kuyamba kuloza ana: uyu apita kwa azakhali ake, uyu ndimtenga ine. Anawo anangokakamira chitenje cha amayi awo.

Dzuwa litapendeka, anamva kulira kwa mateyala. Ngolo ija! Inali yodzaza udzu mpaka ng'ombe kuchita befu. Alendi aja anali atakasasula nyumba yakale ya kwawo kwa aphunzitsi, kutali kumene moto sunafike.

A Chikakuda anatsika, navula chipewa.

"Mayi, malata aja tawaona, ndi okongoladi. Koma inu munatifolera ife, ana anu akunyowa. Landilodi wotere timusiye tipite kuti? Tulutsani katundu, tikwere padenga."

Anazimbiri anagwada pamatope pomwepo, kuwomba m'manja. Nanga a Kamtedza? Anayang'ana kumwamba, anayang'ana pansi, kenako anadzuka n'kukagwirira makwerero. Nkhani yogawa ana sanaitchulenso mpaka kufa kwawo.

Ana amenewo anakulira pamodzi, ndipo ife tonse tili pano tinachokera mwa iwo. Nyumba zija za kumsika, zimene zikukulipirirani sukulu lero, zaima pa kamalo kaminga komwe kaja. Tiziwathokoza mayi amenewo, ana inu, tiziwathokoza. N'chifukwa chake pabanja pathu pano, alendi akabwera kudzanena kuti denga ladontha, sitiyankha kuti mawa. Timasiya chimene tikudya, n'kunyamula makwerero.