Piritsi m'Chitini cha Misomali

"Agogo, bwanji Alekeni akuyenda ngati wavala nsapato zothina?"

Funsolo linangogwera pansi ngati kamsomali, palibe analitola. A Zigamba anali ndi ulusi kukamwa, akulimbana ndi soli ya nsapato imene analonjeza mwiniwake kuti idzatha dzana. Akazi awo anali atangoika kapu ya tiyi pa benchi n'kutuluka. Alekeni mwiniwakeyo, galu wofiirira amene anakulira m'shopumo, anangolowa kunsi kwa benchi n'kuyamba kunyambita phazi.

Wofunsayo anali mdzukulu wawo wamkazi, wosayamba n'komwe sukulu. Amayi ake ankamusiya kwa agogo m'mawa uliwonse popita kuntchito, ndipo iye ankaswera m'shopu, manja kumbuyo, akuyendera ntchito. Nsapato iliyonse yosokedwa inkayenera kudutsa m'manja mwake isanaikidwe pa shelefu. N'chifukwa chake a Zigamba ankamutcha Kapitawo, ndipo akakana chigamba, ankachisomoladi n'kusokanso, akudandaula kuti sanaonepo bwana wankhanza chotere.

Shopuyo inali kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba, konunkha guluu ndi zikopa. Pansi pake panalibe simenti, panali mchenga wouma umene unkabisa misomali. Kapitawo ankayendamo wopanda nsapato, pakuti tinsapato take tinaduka lamba, ndipo tinali pa shelefu kudikira kuti agogo apeze mpata. Ntchito ya pakhomo, paja, ilibe tsiku lobwera mwiniwake.

Atamaliza soli ija, a Zigamba anamukoka galuyo n'kumuyang'ana kuphazi. Pakati pa zala panali timatuza toyera, tili ndi kadontho kakuda pakati. Anamwetulira ngati munthu wokumana ndi mdani wakalekale. Anali matekenya. Kwawo kumene anakulira, iwo ndi amene ankazula matekenya a ana anzawo onse, ndipo ankanyadira kuti thekenya amalitulutsa lathunthu ngati nthanga. Anatenga singano, anamupana galuyo ndi mawondo, nayamba ntchito. Lililonse lotuluka ankalitosera pansi ndi chala, kenako n'kuthira parafini pabala. Alekeni analira mpaka agalu a kwa aneba anamuyankha. Kapitawo anaima pakona, atatseka makutu, maso ali tong'o.

Sabata isanathe, matekenya ena anali ataloŵa kale, tsopano m'mapazi onse anayi. Singano inagwiranso ntchito. Galu amene kale ankalandira makasitomala ndi mchira anayamba kuthaŵa akangomva mbuye wake akutsegula kabokosi ka masingano.

Mayi ake a Kapitawo, mwana wawo woyamba wa a Zigamba, anali munthu wosachulukitsa mawu. Loŵeruka lina anangomumanga galuyo chingwe n'kupita naye kwa dokotala wa ziŵeto. Anabwerako ndi piritsi limodzi lalikulu, lofiirira, lonunkhira ngati nyama. Anafotokoza kuti galuyo anamuika pa sikelo kuti apeze mlingo woyenera, koma anakana kudya pamaso pa alendo, choncho adokotala anati akamupatse kunyumba. Mankhwalawo akaloŵa m'magazi, thekenya lililonse loyamwa limafa, ndipo mphamvu yake imakhala m'thupi miyezi ingapo. Anatinso matekenya amataya mazira pansi, mazirawo n'kuswa mumchenga wouma, ndipo akaswa safunsa kuti phazi ili ndi la galu kapena la munthu.

A Zigamba anamvetsera mpaka kumapeto, akupaka guluu.

"Mwana wanga, nsapato ikabooka kusoli sitisoka lilime," anatero. "Vuto lili kuphazi, iwe ukuti mankhwala aloŵere kukamwa. Akafika liti kuphaziko, wapansi kapena pa njinga?"

"Bambo, ingomupatsani."

"Ine wa mapiritsi m'maŵa ndi madzulo, galu nayenso? Mawa mudzatigulira magalasi tonse aŵiri."

Komabe anatambasula dzanja n'kulandira, pakuti mwana wawoyo akangoti duu, ankafanana kwambiri ndi malemu amayi awo a Zigamba. Atangotuluka, anaponya piritsilo m'chitini cha misomali. Mapazi anali ntchito yawo kuyambira ali mnyamata, ndipo sakanalola kuti munthu wovala jasi loyera, amene sanagwirepo singano yosokera nsapato, awaphunzitse za phazi. Ndiponso, mumtima mwawo, nkhaniyo inali ya galu. Galu amanyambita, amatsimphina, amachira. Lolemba mwana wawo atafunsa ngati anamupatsa, iwo anayankha osadzutsa mutu kuti nkhani ya galuyo ili m'manja mwawo.

Akazi awo anadziŵa, pakuti mkazi wa m'nyumba amadziŵa za m'chitini chilichonse. Anawauza kamodzi kuti mapazi a galuyo ayamba kununkha, ndipo kachiŵiri anawakumbutsa za tinsapato ta mwana. A Zigamba anati aona mawa. Mayiwo anangotenga makapu awo.

Kenako Kapitawo anayamba kukhula zala zakuphazi pa mwendo wa benchi. Ntchito yoyendera inachepa. Ankakhala pa kampando kake, akukanda, ndipo chigamba chokhota chinadutsa tsiku lina iye osachiona. Agogo ake aakazi ndi amene anaziona pomusambitsa, masana ena. Anabwera naye m'shopu atamukulunga m'thawulo, namuika pa benchi. Pansi pa zikhadabo panali timatuza tija, toyera, ndipo chala chachikulu chinali chitatupa, chikutuluka mafinya.

Dzanja la a Zigamba linapita lokha ku kabokosi. Chivindikiro chitangoti kwee, mwanayo anatsetsereka pa benchi n'kuloŵa kunsi, kumene kunali Alekeni. Aŵiriwo anapanikizana pakona, galu ndi mwana, maso anayi akuyang'ana singano.

"Kapitawo, bwera. Sizipweteka."

"Alekeni munamuuzanso choncho."

Anawapeza momwemo mayi ake pochokera kuntchito. Anagwada, anamutulutsa mwanayo, anayang'ana mapazi aja nthaŵi yaitali. Kenako anayang'ana a galu. Pamenepo Kapitawo, amene sankalola kuti kanthu kakhale pamalo polakwika m'shopumo, analoza chitini nati switi ya Alekeni agogo anaisunga mommuja. Mayiyo anakhuthulira misomali pa benchi. Piritsilo linali m'pepala lake, monga analibweretsera. Analitulutsa, nagwada, nalionetsa galuyo. Alekeni ananunkhiza kamodzi, n'kulimeza. Ntchito yonse inatha munthu asanaphethire.

A Zigamba anadikira kukalipiridwa, ndipo akanakonda kutero. Mwana wawo anangomubereka Kapitawo kumsana ngati khanda, natsanzika amayi ake mwaulemu wonse, n'kupita kuchipatala.

Zotsatira zake zinawapweteka a Zigamba kuposa mawu. Masiku oŵerengeka okha, Alekeni anasiya kunyambita. Timatuza tija tinada, tinauma, tinayoyoka tokha. Mwezi usanathe galuyo anali akuthamangitsa nkhuku za aneba ngati kale, ndipo makasitomala ankawayamikira a Zigamba kuti dzanja lawo ndi lamankhwala. Iwo ankangoti zikomo, akuyang'ana nsapato. Kapitawo ndiye sanachire msanga. Chikhadabo cha chala chachikulu chinachoka, bala linatenga nthaŵi, ndipo usinkhu wake wa kusadziŵa mantha unathera pomwepo. Anayamba kuswera kwa azakhali ake, mbali ina ya tauni. Palibe ananena kuti kwa agogo asadzapitenso. Ankangopita kwina.

M'shopu munati zii. Nsapato zinkapita pa shelefu popanda woziyendera. A Zigamba anatulutsa katundu yense panja, anakokolola mchenga uja, anathira simenti, iwo amene kwa zaka zambiri ankati simenti imaziziritsa miyendo. Tinsapato tija anatitsitsa, natisoka ndi ulusi wabwino koposa umene anali nawo, naikamo kachikopa kofeŵa kutsogolo kuti chala chisakhulike. Kusoka tinsapatoto sikunatenge ngakhale theka la m'maŵa. Anatiika pa benchi n'kukhala akutiyang'ana. Nthaŵi zina ankapezeka akuonetsa chigamba kumpando wopanda munthu.

Lamulungu lina masana mwana wawo anabwera kudzaona amayi ake, Kapitawo ali m'manja. Mwanayo anali atavala nsapato zatsopano za m'sitolo, zapulasitiki, zimene a Zigamba anaona ali patali kuti sizidzafika Khirisimasi. Anaima pakhomo la shopu, nsonga za nsapato zili pa mzere pamene simenti inayambira.

"Abwana, loŵani. Ntchito yaunjikana, palibe woiona."

Kapitawo anayang'ana pansi patsopanopo, anayang'ana tinsapato pa benchi, kenako maso ake anakaima pa kabokosi ka masingano. Anapereka moni wa ulemu, umene ana amapereka kwa alendo, nabwerera m'mbuyo pang'ono. Pomwepo Alekeni anatulukira kuseri, nam'lumphira, ndipo mwanayo anaseka kuseka kuja kumene a Zigamba anali asanakumve chichokereni. Anagwira phazi la galuyo, nalitembenuza, naliyendera bwinobwino, chala ndi chala, n'kulengeza kuti ili lakhoza.

Akazi awo a Zigamba anali ataima pambali pawo, kapu ya tiyi ili m'manja. Sanakweze mawu.

"Galu uja analira mwezi wathunthu kunsi kwa benchi lanu, bambo, inu mukuti ndi zake. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Sananene kuti mnzakoyo akhale wa miyendo iŵiri."

A Zigamba anakulunga tinsapato tija m'pepala, ngakhale ankadziŵa kuti phazi lakula kale. Anatenga chingwe chimene chinkapachikidwa kuseri kwa chitseko, ndi mbale ya galu, natsuka mbaleyo pampopi mpaka inaŵala. Mwana wawo atayamba kutsanzika, anam'patsa zonse zitatu m'manja.

"Alekeni mupite naye," anatero. "Kuyambira lero ndi wa Kapitawo."

Kenako analoŵa m'shopu, nakhala pa benchi, naika ulusi kukamwa.