Chiliza Chosongoka

Panali munthu wina amene analemera m'tauni. Amayi ake atamwalira anafika mochedwa, maliro ataikidwa kale. Anakhala pasiwa pang'ono n'kubwerera, kumanda osapondako. Akuti ntchito.

Patapita zaka zisanu, manyazi anayamba kumudya. Anatenga mmisiri wa miyala kupita naye kumanda a pamishoni kumene amayi akewo anaikidwa, namuonetsa ziliza za amishonale akale, zija zinachita ndere: zazitali, zosongoka pamwamba ngati mazenera a tchalitchi, timizati uku ndi uku, masamba osemedwa pamwala. Anati akufuna chotero, koma chotalika kuposa zonsezo, kuti wodutsa aliyense adziwe kuti mayi ameneyu anabala mwana.

Mmisiri anavomera, koma anapempha kuti ayambe aitana adzukulu amene anakumba mandawo, kapena mlongo wake wa bwanayo, amene anakwatiwa kutsidya ndipo ankabwera chaka ndi chaka kudzalambula. Mitumbira inali yambiri, mitanda yamatabwa chiswe chitamaliza kalekale.

"Manda a amayi anga ndikafunse kwa munthu?" anatero mkuluyo.

Anali atangomva kuti amayiwo anagona pafupi ndi mtengo wa mkungudza. Basi, analoza mtumbira wa kutsogolo kwa mtengowo, umene unkaoneka bwino kuchokera kumsewu.

Chiliza chinamangidwa, ndipo tisaname, chinali chokongola. Tsiku lovundukula, mpingo unadzaza, kwaya inaimba, nsalu inachotsedwa. Mkulu uja anamwazamwaza maso kufuna mlongo wake kuti nayenso amuyamikire. Anamuona kuseri kwa mkungudza, atakhala pansi yekha pambali pa kamtumbira kolambulidwa bwino, pamwamba pake pali kapu yakale ya malata. Kapuyo anaizindikira. Ndi imene amayi ake ankamwera tiyi.

"Achimwene, amayi ali kuno," anatero mlongoyo. "Uko mwamangira mlendo wina amene anamwalira kuchipatala wopanda m'bale."

Mkuluyo anacheukira kuchiliza kuja. Dzina la amayi ake linali litazokotedwa kale pamanda a munthu wosamudziwa.

Abale anga, akuluakulu anati safunsa anadya phula. Koma ine chondiwawa si kusafunsako ayi. Munthuyu anasochera kumanda chifukwa njira ya kwa amayi ake anaitaya iwo akadali moyo. Inu amene makolo anu akupumabe, mmisiri ayambe wadikira. Pitani mukawaone sabata ino, pamene mukaodira pakhomo akutha kukuyankhani okha kuti, "Ndili kuno, mwananga."