Mlonda wa Mavwende

"Muno simudzalowa ngakhale ntchentche! Mbewu zanga zidzakula ngati ana a bwana, osalumidwa ndi kanthu, osanyowa ndi mvula. Ulimi wanu wopsa ndi dzuwa uja watha, alamu!"

Anatero a Tsekani kwa mlamu wawo, dzanja lina lili m'chiuno, lina likusisita chipepala cha pulasitiki chimene anakutira nacho nyumba yawo yolimamo mbewu, ija ophunzira amati gilinihausi. Dzina lakuti Tsekani silinali la makolo. Munthuyu anagwira ntchito yaulonda zaka zambiri pa famu ina yaikulu ya maluwa, ndipo mawu amene ankatuluka pakamwa pake kuyambira m'mawa mpaka madzulo anali amodzi: "Tsekani chitseko!" Nyumba za pulasitiki za pa famupo ankaziona tsiku ndi tsiku, koma ankazionera panja. Nzeru zawo zonse za ulimi wamakono zinathera pachitseko, ndipo anabwerera kumudzi akukhulupirira kuti chinsinsi chake n'chimodzi basi: kutseka.

Vuto linali malo. Dimba lija linali la apongozi awo, bambo a mkazi wawo. Mkuluyu pa unyamata wake ankalima mosamukasamuka. Ankatema tchire, n'kuwotcha, n'kubzala paphulusa, nthaka ikatopa n'kuisiya igone, iye n'kukatema kwina. Koma tchire linatha, anthu anachuluka, kosamukira kunasowa. Chimene chinatsala chinali kadimba kamodzi m'mbali mwa mtsinje ndi ming'oma ingapo ya njuchi pamitengo ya kumtunda. Kadimbako ankakafuna anthu awiri: mwana wamwamuna wa mkuluyo, mlimi wa chimanga cha pamizere, ndi a Tsekani.

"Ine sindikangana ndi munthu," anatero apongozi. "Nyengo imodzi ndakupatsani. Mavwende anuwo akabereka, dimba n'lanu ndi mkazi wanuyu. Akakanika, alamu anu alowe ndi khasu."

"Ndiye khasulo mulinoleretu, alamu," anaseka a Tsekani, "mudzandithandize kukumba dzenje lotayamo makoko."

Poyamba zinthu zinayenda ngati mafuta. Mavwende anamera onse, anayanga, anaphimba nthaka. M'katimo munkafunda bwino, madzi ankadontha pang'onopang'ono kuchokera m'timapaipi, masamba anali obiriwira moti munthu ankalakalaka kuwatafuna. Anthu odutsa ankaima n'kumasuzumira pachipepala, a Tsekani n'kumawathamangitsa kuti mpweya wawo uli ndi matenda. Kenako maluwa anatuluka, achikasu, ena ali ndi kavwende kakang'ono ngati chala kunsi kwake. A Tsekani anayamba kuyenda ngati tambala, anagula ndi chipewa chatsopano.

Tsiku lina m'mawa anapeza timavwende tija tafota, tachita chikasu, tina tagwa kale pansi. Anatitola mwakachetechete n'kutiika m'thumba la buluku. Mawa lake zinali chimodzimodzi. Maluwa atsopano ankatuluka, kumwetulira tsiku limodzi, n'kugwa.

Wochapa zovala sabisidwa kanthu. Mkazi wawo anapeza timavwende towola m'thumba muja.

"Bambo a mwana, ichi n'chiyani?"

"Mbewu ikudzipatulira yokha. Ndi mmene zimakhalira zamakono."

"Ikudzipatulira mpaka kutha? Bwanji osakafunsa alangizi? Amabwera pamsika, safuna ndi kobiri lomwe."

"Ine ndikafunse kamnyamata ka panjinga kaja? Pamene ine ndinkalondera nyumba zoterezi iko kanali kasanayambe kuvala kabudula!"

"Nanga abambo? Akhala ndi nthaka moyo wawo wonse."

"Owotcha tchire aja? Amayi, musandiseketse m'mimba muli kale phokoso."

Mkaziyo anangopukusa mutu. "Ine zobwerera ku kanyumba ka lendi ka ku famu kaja ndi anawa sindikuzifuna. Dimbali likatichoka tilibenso poponda."

Mawu amenewo anawalowa a Tsekani ngati minga ya kuphazi, yosaoneka koma yopweteka pa sitepe iliyonse. Anaganiza kuti mbewu ili ndi njala, n'kuthira feteleza wina. Masamba anakula ngati makutu a njovu, zipatso ayi. Anaganiza kuti ndi ludzu, n'kuwonjezera madzi. Anaganiza kuti pali mdani amene akulowa mozemba, ndipo apa ndiye ulonda unawadzukira. Anayenda ndi maondo kuzungulira nyumba yonse, kabowo kalikonse n'kumata, m'munsi monse n'kukwirira ndi dothi. Tsiku lina kanjuchi kamodzi kanalowa nawo pachitseko n'kukatera paduwa. Anakathamangitsa ndi patapata mpaka kukapha, n'kukakaonetsa kwa mkazi wawo pachikhatho.

"Wakuba uja ndamugwira."

Koma maluwa anapitiriza kugwa. A Tsekani anayamba kuwonda. Lamba anabowola bowo lina. Chakudya ankangochigwiragwira, tulo tinkawathera pakati, ndipo akamva phazi kuseri kwa nyumba ankadzidzimuka poganiza kuti ndi apongozi. Mlamu uja nayenso sankawapatsa mpata. Ankadutsa dala ndi chimanga chachiwisi paphewa.

"Alamu, ana a bwana aja akula bwanji? Sitikuwaona pazenera."

"Ali pansi pa masamba. Vwende labwino silidzionetsa."

"Ayi, zikomo. Ife tikudikira makoko aja."

Nyengo inali itapendekeka pamene a Tsekani anapita kusitolo ya mbewu kukafuna mankhwala ena opopera. Ali pamzere anamva wogulitsa akuuza mayi wina amene ankatuluka: "Koma mayi, musaiwale, mavwende popanda njuchi sabereka." Mawuwo anawamenya ngati mbama. Anakumbukira kanjuchi ka pachikhatho kaja. Funso linakwera mpaka pakamwa: njuchizo zimatani, zingati, zilowe bwanji? Linafika pamano penipeni.

"Tikuthandizeni chiyani, bambo?" anafunsa wogulitsa.

A Tsekani anayang'ana kumbuyo. Pamzerepo panali anthu awiri a kwawo, omwe anamva kudzitama kuja ndi makutu awo.

"Ayi, ndimangoona mitengo ya zinthu," anatero, n'kutuluka.

Njira yonse ankadziwerengera okha. Ngati pakufunika njuchi, ndiye zikhale zambiri. Ngati zili zofunika chotero, ndiye zisathawe. Ndipo chinthu chofunika chimene sichiyenera kuthawa, mlonda aliyense amadziwa chochita nacho.

M'bandakucha, mame asanaume, anakankha wilibala kupita kumtunda kuja. Anatseka pakhomo pa mng'oma umodzi wa apongozi ndi sanza, n'kuutsitsa movutikira, n'kuukweza pawilibala. Anaudutsitsa pamizere ya mlamu wawo, gu, gu, gu, njuchi zikugubuduzika m'katimo ngati mtedza m'chitini. Anauika pakati penipeni pa mavwende, anasolola sanza ija, anathamangira panja, n'kutseka chitseko ndi loko.

"Gwirani ntchito," anatero akupukuta manja. "Mukamaliza ndidzakutsegulirani."

Dzuwa linakwera. M'nyumba ya pulasitiki yotsekedwa chotero, masana mumatentha moti dzira likhoza kupsa. Njuchi zinatuluka zili kale ndi mkwiyo wa pawilibala, zinafuna njira, zinagunda chipepala, zinabwerera, zinagundanso. Maluwa sizinawayang'ane n'komwe. Phokoso linayamba ngati la udzudzu, linakula ngati la chigayo.

"Bambo a mwana, kodi mwaikamo injini?" anafunsa mkazi wawo.

A Tsekani asanapeze bodza loyenera, anaona anthu awiri akutsika njira ya kumtunda, mitu ili pansi, akutsatira mkwasa wa tayala la wilibala. Anali apongozi ndi mlamu uja.

"Mng'oma wanga uli kuti?" anafunsa mkuluyo, osapereka ndi moni womwe.

"Ndangoubwereka, bambo. Ndi njira ina ya ulimi wamakono."

"Mwautsekera mmenemo? Dzuwa ili? Mundiphera njuchi, munthu inu! Zisa zisungunuka!"

"Musade nkhawa, ndiutulutsa pompano. Ine njuchi sindiziopa."

"Imani kaye, pafunika utsi," anatero mlamu.

Koma a Tsekani anali atatsegula kale loko. Analowa, ndipo dzanja lozolowera ntchito yake linachita zimene linachita zaka zonse: linakoka chitseko n'kukoloweka kachitsulo ka m'kati.

Zimene zinatsatira, a panja anangoziona ngati chithunzithunzi. Mthunzi wa munthu unathamangira kumanja, unathamangira kumanzere, unavina gule wopanda ng'oma. Chipewa chatsopano chinauluka. "Mayo! Tsegulani! Tsegulani!" anakuwa munthu amene moyo wake wonse anali asanatchulepo mawu amenewo. Mkazi wawo anakoka chitseko, chinakana. A Tsekani maso anali atatupa kale, kachitsulo kaja sankakaona. Phazi linakodwa mu mayangayanga a mavwende, anagwera pamng'oma chafufumimba, mng'oma unatseguka, nkhope yonse n'kulowa m'zisa zofewa ndi kutentha. Anadzuka, anaweramitsa mutu ngati tonde, n'kuthamangira kumene kunkaoneka kuwala. Chipepala chinang'ambika, kwee, kuyambira pansi mpaka kudenga, ndipo a Tsekani anatulukira pamenepo n'kukadziponya mumtsinje.

Njuchi zinatuluka ngati utsi, aliyense n'kugona pansi. Zitabalalika, apongozi anadzuka, anasasa fumbi, n'kusuzumira pachibowo chija. Anakweza tsamba ili, anakweza ilo. Panalibe vwende ngakhale longa chibakera.

"Duwa lalimuna lili apa, lalikazi lili apo," anatero mkuluyo, "onse alibe miyendo. Wonyamula mungu pakati pawo ndi njuchi, inu n'kumuika panja. Mukanangokweza chipepalachi m'mbali m'mawa uliwonse, zikanabwera zokha. Zimagona apa pomwe." Anatembenukira kwa mwana wawo wamwamuna. "Iwe, mawa ubwere ndi khasu."

Mkazi wa a Tsekani anakhala pansi, manja ali kumutu. Pachibowo paja nkhuku zinali zitayamba kale kulowa, mbuzi ya mnansi ili pambuyo, ndipo ntchentche za mudzi wonse zinkathamangira uchi wotayika, kulowa ndi kutuluka popanda wozifunsa chiphaso.

A Tsekani anavuuka mumtsinje nkhope ili ngati dzungu. Anafuna kuyankha, pakuti munthuyu mawu sankamuthera, koma nsagwada zinakana. Pakamwa panali podzaza ndi chinthu chomata, chosatsekemera, chosamezeka, uchi wake utapita kale ndi madzi. Anayamba kuchikokota ndi chala pamaso pa apongozi.

Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.